Kulumikiza ma pickup a gitala mwa series: yesani kaye ndi waya mmodzi musanaboole chilichonse

Dandaulo la oimba gitala ambiri m'mabandi a kutchalitchi ndi a m'maukwati kuno ku Mchinji ndi limodzi: ikafika nthawi ya solo, gitala imamira pansi pa kiyibodi ndi ng'oma. Voliyumu ili kumapeto, koma mawu ake ndi opyapyala. Wina akamva kuti kulumikiza ma pickup (tizida ta maginito ta pansi pa nsambo totola mawu) mwa series kumawonjezera mphamvu, amatsegula gitala tsiku lomwelo, n'kutsala ndi chida chongong'ung'uza kapena malo amodzi a swichi osatulutsa mawu n'komwe.

Series ndi kalumikizidwe ka mabatire a mu tochi, mutu wa lina kugunda thako la linzake, mphamvu n'kuphatikizana. Gitala ya mtundu wa Stratocaster kapena Telecaster ikamachoka kufakitale, ma pickup awiri akayatsidwa limodzi amakhala mwa parallel, aliyense ndi njira yakeyake yopita ku jeki. Parallel imapereka mawu owala, othetheka. Series imapereka mawu onenepa, okwera, koma ofooka kumwamba. Kusinthaku n'kwaphindu pa magitala ena, pa ena n'kutaya ndalama, ndipo pali njira yodziwira musanagule kalikonse.

Zofunika kukhala nazo

- Multimeter yoyeza ma ohm mpaka 20k (k ndi ma ohm 1,000), yolira mukagunditsa nsonga zake
- Chowotcherera cha magetsi cha mawati 30 mpaka 40
- Mtovu wowotcherera wa 60/40 wokhala ndi rosin m'kati, wa 0.8 mm kapena 1 mm. Wa asidi, womwe amamatira maradiyeta ndi ndowa, umadya mawaya pakapita miyezi
- Swichi ya DPDT ya miyendo 6, ya on-on. Itha kukhala kaswichi kakang'ono kopendeketsa, kapena poti (chozungulitsa cha voliyumu kapena toni) yokoka ya push-pull ya 250k kapena 500k, yofanana ndi yomwe mukuchotsayo
- Waya woonda wokutidwa, theka la mita, mitundu iwiri
- Sikuludilaiva ya nyenyezi, pulayazi yaing'ono, tepi yakuda, nsalu yoyala pathupi la gitala
- Foni yojambulira zithunzi ndi mawu

Kaswichi kopendeketsa mutha kukapeza kwa okonza mawailesi ndi ma TV pa boma kapena pa Kamwendo, nthawi zina kochotsedwa m'chida chakale. Poti yokoka njovuta: muyitanitse ku Lilongwe kapena ku Chipata, kapena mutume amene akuchokera ku Johannesburg. Mukatero mutchule kukula kwa ulusi wake. Magitala otsika mtengo ambiri ali ndi mabowo ang'ono a poti za 7 mm kapena 8 mm, pomwe poti za ku America zimafuna bowo la 9.5 mm, ndipo mano a kamutu kake sagwirizana ndi chipewa chakalecho.

Gitala yanu ikuyenera kusinthidwa?

Onani zinthu zitatu izi musanamasule sikuluwu ngakhale imodzi.

Choyamba, mtundu wa ma pickup. Series imapindulitsa pa ma single coil, aja opyapyala a mzere umodzi wa maginito. Iliyonse imakhala ndi ma ohm pafupifupi 6k. Ziwiri mwa parallel zimatsika kufika 3k, mwa series zimakwera kufika 12k, komwe ndi dera la humbucker yamphamvu. Humbucker payokha ndi makoyilo awiri olumikizidwa kale mwa series. Mukalumikizanso ziwiri za 8k mupeza 16k, ndipo mawu ake amangokhala phala, makodi osamveka nsambo iliyonse payokha. Ngati gitala yanu ili ndi ma humbucker awiri, lekerani pomwepa.

Chachiwiri, komwe chingwe chanu chimalowa. Apa ndi pomwe ambiri amagwa. Mabandi ochuluka alibe ampu ya gitala, amangolowetsa jeki mu mikisa ya tchalitchi, pa malo a line. Polowera pa ampu ya gitala pamakhala pafupifupi 1 megaohm, pomwe pa line ya mikisa nthawi zambiri pamakhala 10k mpaka 20k basi. Polowera potsika chotere pamameza mawu a m'mwamba a pickup iliyonse, ndipo series, popeza yakwera kawiri, imamezedwa koposa. Mphamvu yomwe mumayembekezera yambiri imathera pomwepo. Amene akuimba chonchi ayambe wapeza DI box ya active kapena pedal yokhala ndi buffer, monga za Boss, zida zoima pakati pa gitala ndi mikisa kuti mawu asamezedwe, ndipo mwina vuto la kumira lija lithera pamenepo osakhudza mawaya a gitala.

Chachitatu, nyimbo zomwe mumaimba. Lead ya sungura, seben ya rumba ndi kalindula zimafuna nsambo zothetheka, zodumpha pamwamba pa besi. Mawu amenewo ndi a parallel, ndipo series imawapha. Chifukwa chake chili m'koyilo: single coil imodzi pa chingwe cha mamita 5 imawala kwambiri pafupi ndi 3,500 mpaka 4,000 Hz, ziwiri mwa parallel zimakwera kupitirira 5,000 Hz, koma mwa series zimatsika pansi pa 3,000 Hz. Komwe series imawina ndi pa solo yokoka nsambo mu reggae, nyimbo zauzimu zapang'onopang'ono, ndi paliponse pomwe mukuponda overdrive, pedal yoswa mawu. Gitala ya Brian May wa Queen ili ndi ma pickup atatu olumikizidwa mwa series, ndipo magitala a Danelectro akhala akutero pa malo apakati a swichi kuyambira kale. Choncho musaisandutse njira yokhayo ya gitala yanu. Muyiike pa swichi, ikhale mawu owonjezera.

Mayeso a waya mmodzi

Izi ndi za gitala ya ma single coil atatu ndi swichi ya malo 5. Malo 1 ndi pickup ya ku bridge (chitsulo chomwe nsambo zimakhalapo pa thupi la gitala), malo 3 ya pakati, malo 5 ya kukhosi; malo 2 ndi 4 amayatsa ziwiri zoyandikana.

1. Lumikizani gitala ku ampu, musakhudze nsambo, muyendetse swichi malo onse. Kung'ung'uza kukachepa pa malo 2 ndi 4, ndiye kuti pickup ya pakati inakulungidwa mosemphana ndi zinzake ndipo maginito ake ndi otembenuzidwa. Imeneyo ndi nkhani yabwino: series yanu idzakhala yachete ngati humbucker. Kukapanda kuchepa, phokoso la 50 Hz la magetsi, la jenereta ndi la mababu a m'tchalitchi lidzakwera limodzi ndi mawu.

2. Jambulani pa foni mukuimba kachigawo kamodzi pa malo 5, kenaka pa malo 4. Musasunthe mabatani a ampu.

3. Zulani chingwe. Masulani nsambo, chotsani masikuluwu a m'mphepete mwa pulasitiki, osati aja awiriawiri ogwira ma pickup. Tembenuzani pulasitikiyo pa nsalu mosakoka, chifukwa waya wa ku jeki ndi wa ku masipuling'i a kumbuyo ndi aafupi. Jambulani zithunzi zitatu kapena zinayi zooneka bwino.

4. Tsatirani mawaya a pickup ya kukhosi. Umodzi, kawirikawiri woyera, ukupita pa swichi. Wina, wakuda, wawotchereredwa pamsana pa poti ya voliyumu. Chotsani wakudawo.

Chenjezo: ngati pickup ili ndi chingwe chimodzi chokha, waya m'kati ndi ukonde wa waya kunja, ukondewo ndiwo ukugwira ntchito ya waya wakuda. Mayesowa atheka, koma phokoso lichuluka, ndipo pa ntchito yeniyeni mudzafunika kusintha chingwecho.

5. Wotchererani waya wakudawo, pang'ono chabe, pa mwendo wa swichi pomwe pali waya woyera wa pickup ya pakati. Ikani swichi pa malo 5, voliyumu ndi matoni onse pa 10.

6. Lowetsani chingwe mu jeki, muyeze pakati pa nsonga ndi thupi la pulagi ya mbali inayo. Muone pafupifupi 11k mpaka 12k. Mukaona 6k, waya wakuda ukugundabe ground (msana wa poti kapena chitsulo china cholumikizana nawo) penapake.

7. Bwezerani pulasitiki ndi masikuluwu anayi okha, chunani, muimbe kachigawo komwe kaja pa malo 5.

Tsopano gawo lofunika kuposa onse. Khutu limanamizidwa ndi kukwera kwa mawu: chokwera chimamveka chokoma nthawi zonse. Tsitsani ampu mpaka series ifanane msinkhu ndi zomwe munajambula, kenaka muyerekeze. Ndipo musagamule muli nokha m'chipinda. Pitani nayo ku pulakatisi, muimbe ndi ng'oma, besi ndi kiyibodi. Mawu onenepa omwe amakoma pawekha nthawi zina amakakhala malo amodzi ndi dzanja lamanzere la woimba kiyibodi, n'kumira kuposa kale. Zikatero bwezerani waya wakuda pamsana pa poti, mwapulumutsa ndalama za swichi.

Kuika swichi yokhazikika

Kalumikizidwe aka kamasiya mawu asanu akale momwe analili, n'kuwonjezera atatu: bridge ndi pakati mwa series, khosi ndi pakati mwa series, komanso khosi ndi bridge pamodzi zitatsatana ndi ya pakati. Palibe malo akufa.

1. Sankhani malo. Kaswichi kopendeketsa kamafuna bowo la 6 mm, ndipo pabwino ndi pakati pa poti ziwiri za toni, chapansi pang'ono, pomwe dzanja silikagunda mukamakwapula. Onani kuseri kuti pansi pake pali mphako, osati thabwa. Poti yokoka siifuna bowo, koma imazama pafupifupi masentimita 3. Yezani mphakoyo, chifukwa magitala ena otsika mtengo ali ndi thupi lopyapyala ndipo miyendo ya swichi imakagunda pansi. Iikeni m'malo mwa toni yomaliza, osati voliyumu, kumene chala chaching'ono chimakhala chikuzungulira.

2. Pezani miyendo ndi multimeter, musangoganiza. Pali mizere iwiri ya miyendo itatuitatu. Tiitche A1, A2, A3 ndi B1, B2, B3. A2 ndi B2 ndi ya pakati. Ikani swichi momwe mukufuna kuti izikhala pa mawu akale, poti yokoka itakanikizidwa pansi, muone mwendo womwe ukulira ndi wapakati. Mbali imeneyo ndi 1, inayo ndi 3. Lembani pa pepala. Pa kaswichi kopendeketsa miyendo yolumikizana imakhala mbali yosemphana ndi komwe kamtengo kaloza, n'chifukwa chake ambiri amatembenuza.

3. Pakani mtovu pang'ono pa mwendo uliwonse ndi pa nsonga ya waya aliyense musanazikumanitse. Pa mwendo musapitirire masekondi atatu. Miyendoyi inamizidwa mu pulasitiki, ikatentha imasuntha ndipo swichi imayamba kudukiza. Msomali wotenthetsa pa mbaula umagwira ntchito pa waya wa wailesi, koma pano usayandikire.

4. Chotsani pamsana pa poti waya wakuda wa pickup ya kukhosi ndi wa ya ku bridge. Apotereni pamodzi, muwawotcherere pa A2. Wakuda wa pickup ya pakati ukhale pomwe uli.

Chenjezo: pamsana pa potipo pali mawaya ena akuda, wochokera ku jeki ndi wochokera ku chitsulo cha masipuling'i, womwe umalumikiza nsambo ku ground. Amenewo si a pickup. Tsatirani waya aliyense ndi chala mpaka komwe wachokera musanamuchotse.

5. Kokani waya kuchokera pa A1 kupita pamsana pa poti. Palani pamsanapo ndi mpeni mpaka pawale, apo ayi mtovu umangokhala kampira kosagwira.

6. Chotsani waya woyera wa pickup ya pakati pa swichi ya malo 5, muuike pa B1. Ngati pa mwendo womwewo panali waya wa toni, usiyeni pomwepo.

7. Dumphitsani kawaya kakafupi kokutidwa kuchokera pa B1 kupita pa A3. Kamadutsa mopingasa pamwamba pa miyendo ya pakati, choncho kasakhale kosenda.

8. Kokani waya kuchokera pa B2 kupita pa mwendo wa swichi ya malo 5 womwe mwangochotsapo woyera wa pakati uja.

9. Kokani waya kuchokera pa B3 kupita pa mwendo womwe pali woyera wa pickup ya ku bridge. Waya ameneyu ndiye amaletsa malo 3 kukhala chete. Zithunzi zina za pa intaneti zimamusiya, ndipo woimba amadzazindikira ali pa siteji, swichi itatsetserekera pakati.

10. Ngati ma pickup a kukhosi ndi ku bridge ali ndi chingwe cha ukonde chija, chisintheni ndi mawaya awiri okutidwa opoterana, kuyambira pa timabowo tiwiri ta pansi pa pickup. Apa dzanja lisanjenjemere. Waya wa koyilo womwe umafika pa timabowoti ndi woonda kuposa tsitsi, ukaduka m'kati pickup yatha. Amene sanazolowere chowotcherera apereke sitepe iyi yokha kwa wokonza mafoni.

Kuyeza musanatseke

Voliyumu pa 10, multimeter pa pulagi. Manambala awa ndi a ma pickup a 6k ndi poti ya 250k. Anu asiyanako pang'ono, koma kakweredwe kake kakhale komweku.

Swichi ili pa mawu akale: malo 1, 3 ndi 5 aonetse pafupifupi 5.9k, malo 2 ndi 4 pafupifupi 3k. Ili pa series: malo 1, 2, 3 ndi 5 aonetse pafupifupi 11.5k, malo 4 pafupifupi 8.7k. Malo 1, 2 ndi 3 kufanana si cholakwa, onse ndi bridge ndi pakati.

Kenaka lumikizani ku ampu motsitsa mawu, mugogode maginito a pickup iliyonse ndi nsonga ya sikuludilaiva. Pa malo 5 a series zigogode ya kukhosi ndi ya pakati, ya ku bridge ikhale pafupifupi chete. Mukamabwezera pulasitiki, matani tepi pansi pa miyendo ya swichi ngati mphako ili ndi utoto wakuda wotchinga phokoso kapena pepala la aluminiyamu, chifukwa zimenezi zimadutsa magetsi.

Ngati yanu ndi Telecaster

Njira yodziwika ndi swichi ya malo 4 m'malo mwa ya malo 3, ngati yomwe ili pa Fender Baja Telecaster: bridge, ziwiri mwa parallel, khosi, ziwiri mwa series. Msampha wake ndi chivundikiro chachitsulo cha pickup ya kukhosi. Pansi pa pickup pali kawaya kolumikiza chivundikirocho ku waya wakuda. Mu series waya wakudayo sakhalanso ground, choncho chivundikiro chonse chimasanduka mlongoti wokoka phokoso, ndipo chala chikachikhudza ampu imakuwa. Dulani kawayako, muwotcherere waya wachitatu pa kamwendo ka chivundikiro, apite yekha pamsana pa poti. Ya ku bridge ikhale pansi pa mndandanda, waya wake wakuda pa ground, chifukwa mbale yake yachitsulo njolumikizana ndi bridge ndi nsambo. Mpata woyendamo swichi umafunika nthawi zina kuutalikitsa pang'ono ndi tupa kuti malo a kumapeto akhazikike.

Zolakwa zofala

Mawu a series atuluka opyapyala, a m'mphuno, otsika kuposa pickup imodzi. Ma pickup akulimbana. Zimachitika kwambiri pa gitala yomwe wina anaikapo pickup ya kampani ina, popeza makampani sagwirizana pa mitundu ya mawaya ndi mbali ya maginito. Sinthanitsani mawaya awiri a pickup yachilendoyo. Multimeter siingakuuzeni vutoli, ma ohm amaoneka olondola.

Series ndi yakuda kwambiri. Yambani ndi chingwe. Chingwe cha gitala chimawonjezera pafupifupi 100 pF pa mita iliyonse, ndipo cha mamita 10 chochokera pa guwa kukafika pa mikisa kumbuyo kwa tchalitchi chimatsitsa kuwala kwa series kufika poipa. Yesani cha mamita 3 kupita mu pedal, chachitalicho chiyambire pamenepo. Zikapanda kukwanira, sinthani poti ya voliyumu ya 250k ndi ya 500k, podziwa kuti mawu akale aja nawonso alusa kumwamba. Kusintha kapasita ya toni kuchoka pa 0.047 µF kupita pa 0.022 µF kumathandiza pokhapokha ngati mumatsitsa toni poimba.

Mawu akusweka pa makodi. Series ikuposa zomwe polowera pa ampu kapena mikisa pangalandire. Tsitsani gain, kapena tsitsani ma pickup ndi masikuluwu ake mpaka mpata wa pakati pa maginito ndi nsambo ufike 2 mm mpaka 2.5 mm mutakanikiza pa fret yomaliza.

Kung'ung'uza kwakwera mukakoka swichi. Ngati mayeso oyamba aja anasonyeza kuti malo 2 ndi 4 sachepetsa phokoso, zimenezi n'zoyembekezeka, ndipo mankhwala ake ndi pickup ya pakati yotembenuzidwa. Ngati ankachepetsa, funani ukonde kapena chivundikiro chomwe chatsala pa A2. Phokoso laling'ono lotsala pa malo 5 limachokera ku koyilo ya ku bridge yomwe ikulendewera mbali imodzi; kupotera mawaya ake pamodzi ndi kuwafupikitsa kumalichepetsa.

Phokoso silikutha mukagwira nsambo, pomwe kale linkatha. Mwachotsa waya wa ku masipuling'i mukuyesa wa pickup. Ubwezereni pamsana pa poti.

Nsambo zikuluma zala kapena maikolofoni ikuluma milomo. Limeneli si vuto la series ndipo si la gitala. Ndi ampu kapena mikisa yopanda earth (waya wa chitetezo wa phini yachitatu ya pulagi), zomwe zimachitika kwambiri pa jenereta ya pa ukwati ndi pa ma extension omwe phini yachitatu inathyoledwa. Zimitsani, muitane wa zamagetsi musanaimbenso.

Swichi ikugwira nthawi zina, nthawi zina ayi. Mwendo unapsa powotcherera. Kaswichi kotere sikakonzeka, gulani kena; n'chifukwa chake potuma munthu ku Lilongwe kapena ku Chipata mumuuze abwere ndi tiwiri.